Khobidi la Chaka Chamawa

Ine Melchior Zabel ndaonapo zoopsa. Ndinawoloka mapiri a ku Italiya ndi nsapato imodzi. Ku Danzig ndinagona chipinda chimodzi ndi odwala mliri, m'mawa n'kudzuka ndikungodandaula njala. Achifwamba a ku Bohemiya anandilanda bulu, pofika madzulo ndinali nditawagulitsa bulu yemweyo. Ndinayamba ndi poto mmodzi wobooka wotola padzala, lero mkuwa wonse wolowa m'nyumba yosulira ndalama ya kalonga wathu umadutsa m'manja angawa. Koma tsiku limene ndinadziwa mantha enieni linali pa 28 Disembala, 1621, kwathu konkuno ku Hasselfurt, masanasana.

Chaka chimenecho ndalama zinali zitapenga. Kalonga aliyense, ngakhale wa kadziko koti tambala akalira pakati amamveka m'malire onse, anatsegula posulira pake. Siliva ankachotsa, mkuwa n'kuwonjezera, mpaka makhobidi anapyapyala ngati mamba a nsomba. Ankawawiritsa m'madzi a mchere ndi nsenga za vinyo kuti ayere, koma akatha sabata m'thumba ankafiira. Anthu ankati achita manyazi. Buledi wa khobidi limodzi anafika pa makhobidi odzaza dzanja. Anthu anali ndi njala ndi mkwiyo, chimene ankasowa ndi woti amuloze chala.

M'mawa wa tsikulo mwini chigayo cha madzi anapeza mtembo utakodwa pafupi ndi gudumu. Anali mlendo, mutu wophwanyika kunkhongo. Atamufunyulula dzanja louma ndi chisanu anapezamo khobidi loyera mbee. Pamwamba panali nguluwe, chizindikiro cha kalonga wathu. Pansi pake panali chaka: 1622.

Kunali kutatsala masiku anayi kuti chaka chimenecho chifike.

Ndinali pomwepo, ndinaona anthu akubwerera m'mbuyo ngati aona njoka. Wina anati, "Angasule ndalama m'chaka chimene Mulungu sanachilenge ndani? Si uja wakumidima?" Asanamalize n'komwe, Mayi Brack ophika buledi anatulukira akuthamanga, ufa uli mbuu kumaso, atatambasula dzanja. Munali makhobidi ena atatu otero.

"Anandipatsa dzulo Apollonia Zabel! Mfiti tili nayo m'tauni muno!"

Apollonia ndi mkazi wanga. Amafulula mowa n'kumagulitsa pakhomo pathu. Anabadwira kutsidya kwa mtsinje, m'dziko la bishopu, pakati pa Aroma. Analowa mpingo wathu wa Lutera zaka makumi awiri zapitazo kuti akwatiwe ndi ine, koma anthu sanaiwale. Ndinathamanga. Kunyumba ndinapeza atamutenga kale, chitseko chili pululu, mowa ukuchucha pansi kuchokera mumgolo umene sanampatse mpata woti atseke.

A Veit Stolle, woweruza wa tauni yathu, munthu wamtali wolankhula motsitsa, anandilandira ali chiimire.

"Belu la 3 koloko likalira, wonyonga anthu ayamba kumufunsa. Ayambira zala."

"Bwana, milandu yotere imatenga masabata! Makalata kwa kalonga, mboni..."

"Mukuwamva anthu panjapo, a Zabel? Ndikachedwa awotcha tauni." Anayang'ana kuzenera. "Muli ndi maola asanu ndi limodzi. Ndikanakhala inu ndikanapemphera."

*

Kupemphera ndinasiyira abusa. Ine ndinapita kwa Mayi Brack.

"Imani pakhomo pomwepo! Ndipo musandiyang'ane m'maso!"

"Mayi, maso awa anayang'anapo mkango ku Venisi, mkangowo uli moyo mpaka lero. Tandiuzani, makhobidiwo munawazindikira bwanji?"

"Ndine wakhungu ine? Posulira anatseka kutatsala sabata kuti Khirisimasi ifike, aliyense akubwera ndi ofiira okhaokha. Iye uja n'kubwera ndi oyera, kuwaponya patebulo ngwe! Akuseka. Akuti, 'Landirani msanga asanachite manyazi.' Kaseke kake kaja! Ine ndinamva tsitsi kuima."

"Sanabise?"

"Abisenji? Kudzikuza kwa Chiroma."

"Mfiti yanji yogula buledi ndi umboni wake womwe?"

"Funsani Satana, ndiye mlamu wanu. Ine ndikudziwa kuti lero buledi wanga sanafufume."

"Buledi wanu anasiya kufufuma chaka chimene munayamba kuthiramo utuchi."

Pakamwa panga pandidyetsa zaka zambiri, koma tsiku limenelo panandilakwira. Nkhope ya mayiyo inauma ngati thabwa.

"Ndikakhala kutsogolo," anatero pang'onopang'ono. "Nkhuni zoyamba ndibweretsa ndine, zouma bwino za mu uvuni."

Ndinatuluka msanga. Koma limodzi mwa makhobidi atatu aja linali m'chikhatho mwanga. Zala zanga zinaphunzira ku msika wa Frankfurt.

*

Gangolf, wosema zidindo za posulira, anali nkhalamba yogontha khutu limodzi chifukwa cha nyundo. Ndinamupeza atadzitsekera, wanyamuliratu katundu wake m'kathumba.

"Akanditchula ine, a Zabel, ndi mafuta owira," anatero. "Chilango cha wosula ndalama zachinyengo mukuchidziwa. Ndinaonapo kamodzi. Munthu amachedwa kufa."

"Palibe wakutchulani, madala. Taonani ili."

Analitengera kuzenera, n'kuliyandikiza ku diso lake labwino. Mantha anamuchoka, kunabwera mkwiyo.

"Iyi ndi nguluwe? Iyi ndi nkhumba yam'khola yovala ndevu! Yanga mchira umapindikira kumanzere. Si chidindo changa ichi. Cha chaka chamawa sindinachiyambe n'komwe, chitsulo chake ndi icho, chosalala ngati dazi langa."

"Ndiye lachinyengo."

"Lachinyengo, koma dzanja lake ndi labwino. Taonani nambala 2 iyi, khosi ngati tsekwe." Anatsitsa mawu. "Mtembo uja ndakauona. Chala chachikulu chili ndi kampata, fumbi lachitsulo linalowerera m'khungu. Taonani changa. Amene uja ndi mnzanga wa ntchito. Ndiye anasema chidindo cha khobidi ili."

"Nanga chaka analemberanji chabodza? Kuti awopseze anthu?"

"Mwati chiyani?"

"CHAKA!"

"Musakuwe, ndikumva. Wosema zidindo sanama chaka, a Zabel. Siliva timanama, kulemera timanama, nkhope ya kalonga timaikongoletsa. Koma chaka munthu umangolemba chimene wadzukamo. Suganizako n'komwe."

"Ndiye mukuti munthu uja anadzuka mu 1622?"

Kunja belu linalira kakhumi ndi kamodzi.

*

Mlonda wa nsanja ya akaidi anandilola kufika pachitseko chifukwa cha ndalama yasiliva weniweni, yakale, imene ndinali nditasokera m'lamba. M'katimo munali mdima.

"Mayi, ndine. Tabwerani pafupi ndikuoneni."

"Mundionera chiyani? Zaka makumi awiri sizinakukwanireni?" Mawu anali ake ndithu, koma ankachokera pakona, osasendera. "Mgolo uja mwatseka?"

"Siyani za mgolo! Makhobidi oyera aja anakupatsani ndani?"

"Utz wowolotsa anthu. Dzulo madzulo. Anamwa zikho zinayi osalankhula, chonsecho Utz akamwa ziwiri amayamba kuimba."

"Mwawauza a Stolle?"

"Ndawauza. Ati mfiti iliyonse imatchula mnzake. Sanalembe n'komwe. Andionetsa zitsulo zija, bambo. Akuti ndi mwambo, amayamba akuonetsa kaye. Chilipo china chaching'ono, chonga chofinyira mphesa."



"Ndikutulutsani," ndinatero. "Ine ndine Zabel. Ndinatulukapo m'ndende ya Aturuki."

"Ya Aturuki ija munati munali mlendo wa mkulu wa ndende."

"Komabe ndinatuluka."

Anaseka pang'ono, kuseka kwake n'kusweka pakati. "Ndikavomera, musakhumudwe. Akuti onse amavomera. Ndakhala ndikuganiza za kwathu. Dzulo kutsidya linali tsiku la Mafumu Atatu, aja anakalambira Yesu ali khanda. Mayi anga akadakhala moyo bwenzi atasesa pakhomo kuti wansembe adzalembe chaka chatsopano pamphuthu ya chitseko..."

"Mwati chiyani?"

"Mafumu Atatu. Pa 6 Januwale. Mwaiwala kuti kwathu amatsogola ndi masiku khumi?"

Mawu anali ake, koma nzeru zolumikiza zinali zanga, ndipo zimenezo sindingamane mwini wake. Tonse ku Hasselfurt timadziwa kuti Aroma anadumpha masiku khumi pa kalendala yawo, ife n'kukana kuwatsatira. Timawaseka nazo chaka chilichonse. Koma khobidi lija linali ndi nguluwe yathu, ndiye palibe amene anaponya maso kutsidya. Munthu wakufayo sananame. Anasema chidindo chake kutsidya, kumene chaka chinali chitatembenuka kale. Analemba chaka chimene anadzukamo.

Tsono wina wakuno anamutuma. Wina anawoloka kukatenga katunduyo.

*

Utz anali atakhala pa bwato lake lalikulu lamatabwa, lokoka ndi chingwe, akusenda ayezi ndi mpeni. Atandiona anafuna kukankhira bwato pakati pa madzi. Ndinadumphiramo, thupi langa lonseli.

"Iwe Utz, mkazi wanga amupana zala chifukwa cha makhobidi ako."

"Sindikudziwa kanthu, abwana. Ine ndimadziwa chingwe."

"Ndiye ndifunsa chingwecho. Chinakoka chiyani dzulo?"

Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. "Ngolo," anatero. "M'mawa yopanda kanthu, munthu mmodzi, wafunda nkhope. Madzulo yolemera, migolo iwiri ya nsomba zamchere. Nsomba zake zolemera ngati miyala ya chigayo. Anthu awiri."

"Wachiwiriyo?"

"Wansangala, wakutsidya. Bokosi la zida pamiyendo, akuimba za Mafumu Atatu. Akuti akubwera kudzagwira ntchito kuno, malo amupezera kale."

"Anakulipira ndani?"

"Wofundayo. Anapisa dzanja mumgolo, pansi pa nsomba, n'kundikhuthulira osayang'ana. Mnzakeyo n'kuseka, akuti, 'Usunge bwino achimwene, ndi oyamba a chaka chatsopano.' Wofunda uja akuti, 'Wati chiyani?' Anatenga limodzi, kuliyang'ana, kuliyang'ana. Anafuna andilande anga, koma tinali titafika, pagombe pali amayi otunga madzi. Anangokwapula hatchi. Analowera njira ya kuchigayo. Nyimbo sindinaimvenso."

Zonse zinaoneka poyera. Wakunoyo anazindikira cholakwacho ali pamadzi. Makhobidi akanatha kuwabisa masiku anayi mpaka asanduke abwino. Koma munthu woimba, wolankhula ndi aliyense, akanamubisa pati?

"Nkhope unaiona?"

"Ndati anafunda."

"Hatchi sinafunde. Ngolo sinafunde."

"Ndili ndi ana asanu, abwana."

"Ine ndili ndi mkazi mmodzi."

Analoza ndi mpeni kumphuno kwa bwato, m'munsi kwenikweni. Panali zolemba za choko: 16, kenaka zilembo C, M, B, kenaka 22. Ndi madalitso a Aroma a pa Mafumu Atatu, zilembo zoyamba za maina a mafumuwo. Chapakaticho ndi cha Melchior, mnzanga wa dzina.

"Wansembe wakumeneko akagwira choko saona kuti ichi n'cha yani," anatero Utz. "Zitseko, makola, mabwato, ngolo zonse zimene zinaima pabwalo la nyumba ya alendo dzulo. Ndi wamfupi ngati chitsa, amalemba m'munsi. Ine ndanena za wansembe, sindinanene za munthu."

"Zakwana! Ndikupita nazo kwa a Stolle. Afufuze ngolo zonse za m'tauni!"

Mpeni unamupulumuka n'kugwera m'madzi. "Abwana, yambani mwapita kwa abusa. Kapena kwa wina aliyense."

Ine ndinali nditafika kale kumtunda. Belu linali litalira kawiri.

*

Ndinafotokoza bwino, zimenezo ndiyenera kunena. Loya sakanaposa. Kalendala, chidindo, chala cha wakufayo, ngolo, choko. A Stolle anamvetsera atapinda manja, osaphethira. Ndinkayembekeza kuti adumpha n'kundigwira dzanja.

"Choko," anatero. "Pa ngolo."

"Eya bwana! Mutume asilikali, pasanathe ola tamupeza."

"Mwauzapo yani zimenezi, a Zabel?"

"Palibe! Ndathamangira kwa inu."

"Mwachita bwino. Takhalani pansi. Ndikubwera."

Anatuluka. Ndinamva kiyi akutembenuka kunja kwa chitseko.

Munthu woyenda amadziwa kusiyanitsa chitseko chotsekedwa chifukwa cha mphepo ndi chotsekedwa chifukwa cha iye. Ndinaika khutu pathabwa. Mawu otsitsa aja ankauza asilikali kuti, "Zabel waulula kuti amachitira limodzi ndi mkazi wake. Mum'mange pakamwa musanamutulutse. Asalankhule ndi munthu, angakulodzeni."

Zenera linali laling'ono, ine sindine wamng'ono. Mabatani onse a jekete anatsala pamenepo pamodzi ndi khungu la m'nthiti. Ndinagwera pa mulu wa ndowe za hatchi kubwalo lakuseri kwa nyumba ya woweruzayo, ndinakwawa, n'kulowa m'chishedi chosungira ngolo. Ndinadzikankhira pansi pa ngolo, chagada. Nsapato za asilikali zinadutsa pakhomo, zinabwerera, zinaima. Ndinasiya kupuma. Mphuno zanga zokha ndi zimene zinapitiriza ntchito: fungo la nsomba zamchere.

Nsapato zija zitachoka ndinatsegula maso. Pathabwa la m'munsi la ngoloyo, pamalo poti munthu wamtali sangaone pokhapokha atagwada, panali choko choyera.

16 C M B 22.

*

Pabwalo la msika, kutsogolo kwa nsanja, panali tauni yonse. Ena anali atabwera ndi nkhuni ngakhale kuti chigamulo chinali chisanaperekedwe. Ndinawadziwa onse. Uyu ndinamugula ketulo, uyu ndinali mboni pa ukwati wake. Ndinadutsa pakati pawo ndikununkha ndowe, iwo n'kumapatuka okha, ndinakwera pakhoma la chitsime. Ndinakumbatira mtengo wa chidebe.

"Mwamuna wa mfiti uyo!"

Mwala unandipeza pamwamba pa diso. Magazi anatsikira m'kamwa. Koma mawu anga anagulitsapo mapoto pakati pa mizinga ikulira, sakanagonja kwa anthu a Hasselfurt.

"Mayi Brack! Funso limodzi, kenaka mundiwotche! Aroma amadya Khirisimasi liti?"

Anali kutsogolo monga analonjezera, mtolo wa nkhuni m'manja. Sakanatha kusiya funso lotere lidutse.

"Amadya msanga ngati agalu osaleredwa! Masiku khumi ife tisanadye!"

"Nanga chaka chatsopano amalowa liti?"

Anayamba kuwerenga masiku chamumtima, milomo ikuyenda.

"Lero kutsidya ndi pa 7 Januwale! Chaka chanji, a Brack? Tanenani, mumadziwa kuwerenga!"

"Twente-thu," anatero wina kumbuyo, motsitsa. Mawuwo anayenda m'khamumo ngati mphepo m'munda wa tirigu.

"Khobidi limene lakuwopsani silinachokere kumidima, lachokera kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa theka la ola! Analisema ndi munthu uja mwamuvuula m'mawa!"

"Zoona!" Anali Gangolf, kathumba kake kali kumsana, akukuwa monga amakuwira ogontha. "Ndi wosema zidindo! Ndipo nguluwe yake ndi yonyansa!"

Ndinapitiriza: "Wina wakuno anamutuma kuti asule makhobidi achinyengo, migolo iwiri yodzaza, adzawathire pamsika uno kuti buledi akwerenso. Ataona chaka cholakwika anamuphwanya mutu. Lero akufuna mkazi wanga avomere ufiti dzuwa lisanalowe, kuti inu musaganize za kalendala!"

"Mgwireni ameneyo." A Stolle anali atatulukira pamasitepe a nyumba yawo. Sanakweze mawu. "Mdyerekezi amalankhula mokoma. Mgwireni."

Asilikali awiri anayamba kukankha anthu kulunjika kwa ine.

"Ndani?" anafunsa Mayi Brack. Nkhuni anali asanazitule. "Tchulani dzina."

"Sinditchula. Pitani mukawerenge nokha. Ngolo ya munthuyo inadalitsidwa dzulo ndi wansembe wa Aroma, choko chikadalipo pathabwa la m'munsi. Ili m'chishedi umo, mapazi makumi asanu kuchokera pano. Mugwade poyang'ana. Migolo ya nsomba ili pomwepo. Ngati ndanama, nkhuni muli nazo kale, ine ndi mafuta okhaokha, ndiyaka bwino!"

Onse anatembenukira kumene ndinaloza. Kenaka anatembenukira kwa a Stolle. Munthu uja akanangoseka, mwina ndikanafa ine. Koma anabwerera phazi limodzi m'mbuyo, dzanja likufufuza chitseko.

Khamu linasuntha ngati madzi ogumula mlatho. Nthawi yomweyo belu linayamba kulira. Kamodzi. Kawiri. Katatu.

Wonyonga anthu anali m'nsanja. Za pabwalo sankazidziwa. Iye anauzidwa za belu.

*

Masitepe a nsanja ija ndi makumi asanu ndi limodzi. Ndinawakwera ndi manja ndi miyendo. Mlonda anali atathawira kukaona zakunja. Ndili pakati ndinamva phokoso kuchokera kuchishedi, ngati matalala padenga, kenaka mfuu ya anthu mazana. Ndinadziwa kuti mgolo wasweka. Sindinaime.

Chitseko chapamwamba chinali chosakhoma. Apollonia anali atamangidwa pampando, manja patebulo, zala zazikulu zili m'kachitsulo kaja. Anali atamumeta mpala, mwankhanza, mabala ali mbwee m'mutu. Wonyonga, munthu wonenepa wodekha ngati wometa ndevu, anali atazungulitsa kale kamodzi. Mkazi wanga analuma mlomo mpaka magazi, koma sanakuwe.

"Siyani! Mlandu watha!"

"Ine ndimamvera a Stolle, bambo. Tulukani, mukunditchingira kuwala."

"Tasuzumirani pazenerapo muwaone a Stolle anuwo!"

Anapukuta manja pa epuloni, n'kupita pazenera mosafulumira. Anayang'ana nthawi yaitali. Pansipo munthu ankakuwa, mawu opyapyala oti sindikanawazindikira.

"Amene akukokedwa miyendoyo ndi iwowo?"

"Ndi iwowo."

"Hm. Akuchita mosadziwa ntchito." Anabwerera patebulo n'kumasula kachitsulo kaja bwinobwino. "Muviike m'madzi ozizira, mayi. Fupa silinasweke. Zikhadabo zidzamera."

Ndinamumasula zingwe. Ndinamufunditsa jekete yanga kumutu. Sanalire. Anangotchera khutu kuzenera.

"Ndi mawu omwe aja," anatero. "A m'mawa aja, pobwera kudzanditenga. Uyo ndi mwini chigayo. Uyo ndi mkazi wa wosoka nsapato."

"Musamvere. Tiyeni."

Tinadzera njira yakuseri kwa tchalitchi. Kunyumba ndinakhoma chitseko, ndinatsamiritsapo tebulo, ndinamuviika manja m'beseni. Ndinayamba kumufotokozera mmene ndinaimira pachitsime, mmene tauni yonse inakhalira chete nditatsegula pakamwa. Ankangoyang'ana madzi akufiira. Phokoso lakubwalo linachepa pang'onopang'ono mpaka linatha.

Kenaka tinamva mapazi ambiri akubwera mumsewu wathu. Anaima pakhomo. Wina anagogoda, mwaulemu ndithu.

"Odi, Mayi Zabel!" Anali mwini chigayo, akupuma mwawefuwefu. "Pepani ndi zam'mawa zija, ife timadziwa kuti si inu. Anthu atopa kuno, kukhosi kwauma. Mowa ulipo?"

Ndinasuzumira pampata wa zenera. Analipo makumi atatu kapena kuposa, akumwetulira. Ena manja anali asanasambe.

"Tisayankhe," ndinanong'ona. "Aganiza kuti kulibe anthu."

Apollonia anatulutsa manja m'madzi, n'kudzimanga mpango kumutu ndi zala zotsalazo.

"Utsi akuuona pa chumuni," anatero. "Chotsani tebulo, bambo. Ine chikho sindingagwire, muthira ndinu. Ndipo dzanja lisanjenjemere."